Mmene mungapezere mphamvu m'chilengedwe mutaferedwa mwamuna kapena mkazi wanu

Masiku a maliro enieniwo munthu sakhala yekha. M'siwa mumakhala amayi oimba usiku wonse, panja abambo amachezera pamoto, adzukulu amakhala kalikiliki kumanda, ndipo namfedwa amagwiriziridwa mbali zonse ngakhale popita kukasamba. Kulemera kwa imfa kumayamba kumveka bwino pambuyo pake, mwambo wa kumeta utatha, achibale akutali atakwera basi, miphika yobwereka itabwerera kwa eni ake, pamene mumalowa kuchipinda n'kupeza nsapato za malemu zili pomwe anazivula. Akuluakulu amati maliro n'kulirana, ndipo sananame, koma olira nanuwo ali ndi minda ndi ntchito zawo, moti pakangotha masabata awiri kapena atatu ambiri amaganiza kuti mwayamba kulimba mtima.

Malangizo awa ndi a nthawi imeneyo. Chisoni chikatsekeredwa m'nyumba chimangozungulira pamodzimodzi, kuchoka pa chithunzi kupita pa mpando wopanda munthu, kenaka n'kubwereranso pa chithunzi. Kunja kuli zinthu zimene zimayenda pa nthawi yake popanda kukufulumizani: dzuwa, mitengo, mbalame, mtsinje ndi nthaka. Sizikufunsani chifukwa chake mukulirabe, ndiponso sizikuuzani kuti muiwale. Sindikulonjeza kuti zidzathetsa chisoni chanu, chifukwa munthu amene munagawana naye mphasa zaka zambiri saiwalika, koma zingathandize thupi lanu kugona, kudya ndi kuyenda, ndipo zingakupatseni pokhala pamene mtima walema.

Gawo loyamba: yambirani pakhonde

M'masabata oyambirira musaganize za ulendo uliwonse. M'mabanja ambiri mwambo sulola namfedwa kuyendayenda mpaka akuluakulu atamumasula, ndipo ngakhale kumene mwambo wotero kulibe, miyendo imakhala ilibe mphamvu. Chofunika n'chakuti m'mawa uliwonse mutuluke m'nyumba, muyale mkeka kapena muike mpando pakhonde, ndipo mukhale pamenepo mphindi 10 kapena 15 dzuwa lisanatenthe. Kuwala kwa m'mawa kukalowa m'maso kumathandiza thupi kusiyanitsa usana ndi usiku, ndipo zimenezi n'zofunika kwambiri kwa munthu amene tulo tamusokonekera, amene amadzidzimuka 2 koloko usiku n'kukhala maso mpaka atambala kulira. Mukakhala panjapo mwerani pomwepo tiyi kapena phala, ngakhale mulibe chilakolako cha chakudya. Ngati mumamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena ma ARV, musawadumphitse, pakuti anamfedwa ambiri amaiwala mankhwala awo pa nthawi imene thupi likuwafuna koposa.

Tsiku limene mwalephera kudzuka, tsegulani zenera ndi katani kuti muone kunja muli chigonere. Zimaoneka zazing'ono, koma mu 1984 katswiri wa ku America, Roger Ulrich, anafalitsa zimene anapeza pa odwala ochitidwa opaleshoni pachipatala china ku Pennsylvania: amene zenera lawo linapenya mitengo anatulutsidwa msanga ndiponso anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa poyerekeza ndi anzawo amene zenera lawo linapenya khoma la njerwa.

Gawo lachiwiri: sankhani malo amodzi ndi nthawi imodzi

Mphamvu zikayamba kubwerera, funani malo amodzi apafupi amene mungafikeko pa mphindi zosapitirira 15 mukuyenda pang'onopang'ono. Pangakhale pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, pathanthwe loyang'ana kudambo, m'mphepete mwa dimba, kapena pabenchi pabwalo la tchalitchi kapena la mzikiti pamene pali mthunzi. Kukongola kwa malowo kulibe kanthu kwenikweni. Chimene chikufunika n'chakuti muzitha kubwererako tsiku ndi tsiku pa nthawi imodzimodziyo, chifukwa munthu woferedwa amatopa ngakhale ndi kusankha zinthu zazing'ono, ndipo malo okhazikika amamuchotsera funso lakuti lero ndipite kuti.

Posankha malowo ganiziraninso za chitetezo chanu, pakuti maganizo akachuluka maso saona bwino. Pewani magombe a mitsinje imene muli ng'ona, monga Shire, ndipo musaponde m'madzi odikha a m'mabango chifukwa cha likodzo. M'dzinja musakhale pansi pa mtengo wautali umene uli paokha kukamachita ziphaliwali, ndipo musaoloke mtsinje wodzaza. Madzulo udzudzu ukayamba mubwerere kunyumba. Uzani munthu mmodzi wapabanja kumene mumapita ndi nthawi imene mumabwerako. Kutero kumateteza inu, komanso kumatseka pakamwa pa anthu amene angayambe kunong'onezana akamaona mayi wamasiye akulowera kutchire yekha m'mawa uliwonse.

Ambiri amafuna kuti malowo akhale kumanda. Mtima umenewo ndimaumvetsa, ndipo n'zoona kuti m'midzi yambiri mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha. Komabe kumudzi manda ali m'manja mwa mfumu ndipo munthu salowako yekha nthawi imene wafuna, choncho pemphani chilolezo ndipo mupite ndi akuluakulu pa masiku oyenera. Maganizo anga ndi akuti malo anu a tsiku ndi tsiku akhale kwina, kumene kuli zamoyo zimene zikukula, kuti kukumbukira malemu kusamangirike pa mtumbira pokha.

Gawo lachitatu: zochita mukafika

Mukafika khalani pansi, foni muiike m'thumba itatsekedwa mawu, ndipo pumani mpweya pang'onopang'ono kangapo, kutulutsa kuzitenga nthawi yaitali kuposa kukoka. Kenaka perekani ntchito kwa makutu ndi maso. Werengani mitundu ya mawu amene mukumva: pumbwa, njiwa, mphepo m'masamba, khasu la munthu kumunda kwina, ana opita kusukulu. Yang'anitsitsani chinthu chimodzi kwa kanthawi, kaya ndi mzere wa nyerere, mame pa udzu, kapena mpheta zikumanga zisa. Gwirani khungwa la mtengo kapena dothi ndi dzanja lanu. Cholinga si kuthamangitsa maganizo a malemu ayi. Maganizowo adzabwera ndithu, koma akabwera adzakupezani muli ndi pogwira, ndipo mukaona kuti akukukokerani ku tsiku la kuchipatala kapena ku mawu amene simunanene, bwererani ku phokoso la mbalame, kenaka muwalole abwerenso.

Misozi ikabwera isiyeni ituluke. Izi ndikunena makamaka kwa abambo, amene kuyambira ubwana anauzidwa kuti mwamuna salira, ndipo pamaliro a akazi awo amakhala panja akulandira zipepeso ndi nkhope youma. Pansi pa mtengo palibe amene akukuonani. Ngati mukufuna kulankhula ndi malemu, lankhulani mokweza, muwauze za ana, za mbuzi imene yaswa, ngakhale za mkwiyo umene muli nawo chifukwa anakusiyani ndi ngongole kapena anakana kupita kuchipatala msanga. Kulankhula ndi womwalira motere si misala, ndipo anthu ochuluka oferedwa amachita zimenezi mwakachetechete. Opemphera apemphere pomwepo monga mwa chikhulupiriro chawo.

Mwina usiku wina kadzidzi adzalira padenga ndipo mtima udzagunda, pokumbukira zimene timamva kuyambira kale zoti mbalameyi imalosera maliro. Kumbukirani kuti kadzidzi amasaka mbewa ndi makoswe, ndipo pakhomo pamene pali nkhokwe kapena matumba a chimanga sangalephere kufikapo.

Gawo lachinayi: yambani kuyenda

Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, onjezani kuyenda pa kukhala kuja. Yambani ndi mphindi 10, ndipo sabata iliyonse muziwonjezera pang'ono mpaka muzikwanitsa mphindi 20 kapena 30. Kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 2019, wokhudza anthu pafupifupi 20,000 ku England, anapeza kuti amene ankakhala m'chilengedwe mphindi 120 kapena kuposerapo pa sabata ndiwo ambiri ankanena kuti ali ndi thanzi labwino ndi mtima wokhazikika, ndipo zinalibe kanthu kaya nthawiyo yakwana pa ulendo umodzi kapena pa timaulendo tambiri. Kafukufukuyo sanali wa anamfedwa, koma muyezo wake ndi wothandiza chifukwa ndi wotheka: mphindi zosakwana 20 pa tsiku.

Njira zimene munkayenda limodzi ndi malemu musazithamangire, komanso musazithawe mpaka kalekale. Tsiku loyamba kudutsa njira ya kumunda kapena ya kutchalitchi mutenge mnzanu, ndipo mukafika pamene mtima wakana, bwererani popanda kudziimba mlandu. Ulendo wachiwiri mudzafika patsogolo pang'ono.

Gawo lachisanu: ikani manja m'dothi

Pano ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa kuyang'ana chilengedwe kumatonthoza, koma kusamalira chamoyo kumabwezera munthu chifukwa chodzukira. Amene wadwazika mnzake miyezi yambiri amakhala atazolowera kusamalira munthu usana ndi usiku, ndipo imfa ikachitika manja amasowa chogwira.

Kwa mlimi, munda wokha ungakhale chilonda, chifukwa mizere imene malemu anasiyira pakati imaoneka tsiku lililonse. Musadzikakamize kulima munda wonse chaka choyamba. Sankhani ndime imene mungaikwanitse, yotsalayo mupemphe achibale, a mumpingo kapena aganyu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amene muli m'tauni mungayambe ndi kabedi kamodzi ka mpiru, bonongwe kapena tomato, ngakhale m'matumba a simenti odzaza dothi ndi manyowa. Mpiru umamera pasanathe sabata, ndipo kuthirira m'mawa ndi madzulo kumagawa tsiku m'zigawo zimene munthu angazisenze.

Kenaka bzalani mtengo wokumbukira malemu. Ku Malawi nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April, koma ndi bwino kubzala kumayambiriro, mvula itangolowerera bwino m'nthaka, kuti mizu igwire chilimwe chisanafike. Mbande mungazipeze kwa alangizi a zankhalango, ku magulu a m'midzi amene amafesa mitengo, kapena kwa ogulitsa m'mphepete mwa misewu ya m'tauni. Mtundu wake usankhidwe ndi mtima komanso ndi nzeru. Mango omezanitsa amayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, ndipo ana adzadya zipatso zake akutchula dzina la kholo lawo. M'bawa umakula kwambiri ndipo umakhala zaka zochuluka, choncho umafuna malo otakasuka kutali ndi nyumba. Kumunda mtengo woyenera ndi msangu, umene umawonjezera chonde m'nthaka ndipo uli ndi khalidwe lachilendo: umayoyola masamba m'dzinja mitengo ina yonse ili yobiriwira, n'kuphukira m'chilimwe inzake itauma. Amene anaona minda ya ku Salima kapena ya m'chigwa cha Bwanje akuudziwa. Namfedwa amene amakhala chete pa Khirisimasi anzake akusangalala angaumvetse mtengo umenewu kuposa wina aliyense.

Kabzalidwe kake nkotere. Kwa mtengo wazipatso kumbani dzenje la masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya komwe, ndipo dothi lapamwamba muliike padera ndi lapansi. Sakanizani dothi lapamwambalo ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owolerana bwino, mulibwezere m'dzenje, kenaka mung'ambe pulasitiki wa mbande mosamala kuti dothi la kumizu lisagumuke. Mbande ilowe mpaka pamene dothi linkalekezera ili m'chubu, ndipo pomezanitsa pakhale pamwamba pa nthaka. Tsenderani, thirirani, ndipo phimbirani ndi udzu wouma mosakhudza tsinde kuopa chiswe. Tchingirani ndi minga kapena nsungwi, chifukwa mbuzi imodzi ingathetse ntchito yonseyi m'mawa umodzi. M'chilimwe choyamba thirirani kawiri pa sabata, ndipo lambulani udzu mozungulira moto wa lupsa usanayambe.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupempha kuti musazinyozere. Choyamba, bzalani mitengo iwiri kapena itatu, osati umodzi, chifukwa mbande zina zimafa ngakhale zisamalidwe bwanji, ndipo mtengo wokumbukira ukauma uli wokha umabwereza maliro mumtima. Chachiwiri, ganizirani za malo. Bambo amene anali pachikamwini kapena mayi amene anali kuchitengwa angafunike kubwerera kwawo akasudzulidwa, ndipo kubzala mtengo pamalo okanganirana ena amakuona ngati kudzitengera malowo. Kambiranani ndi ankhoswe ndi eni mbumba poyamba, ndipo ngati tsogolo silikudziwika, sungani mbande m'ndowa yoboola pansi kuti mudzapite nayo kumene mukakhazikike. Ngati nkhaniyo yafika polandidwa katundu, dziwani kuti lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo mungakadandaule kupolisi kapena kwa bwanamkubwa wa boma lanu.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: tsatirani nyengo chaka chathunthu

Gulani kope laling'ono ndipo tsiku lililonse mulembemo mizere iwiri, wina wa zimene mwaona kunja, wina wa mmene mtima unalili. Amene kulemba kumawavuta angauze mdzukulu kuti awalembere. M'chaka chimodzi kopelo lidzadzaza ndi kuzizira kwa June ndi July, chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje kapena mwera wa kunyanja, masamba ofiira a mitengo ya mombo ndi tsamba amene amaphuka mvula isanagwe, nyenje zolira m'kutentha kwa October, fungo la dothi pa chizimalupsa, ngumbi zouluka, masuku, bowa, mpaka chimanga chachiwisi. Mukadzawerenga m'mbuyo mudzaona chinthu chimene simungachione muli m'kati mwake: kuti masiku oipa amabwerabe, koma mpata wa pakati pawo ukutalika.

Nyengo zomwezi zimadzutsanso chisoni mosayembekezera. Mvula yoyamba ingakugwetseni misozi chifukwa ndi tsiku limene munkadzuka limodzi kukabzala, ndipo masuku oyamba pamsika angakukumbutseni amene ankakugulirani. Zimenezi sizitanthauza kuti mwabwerera m'mbuyo. Konzekerani masiku amene mukudziwa kuti adzakhala olemera, monga tsiku la ukwati wanu, tsiku limene anamwalira, kapena tsiku loika chiliza, ndipo ngati ndalama ilipo, konzani ulendo wa tsiku limodzi ndi ana kapena mnzanu wapamtima. A ku Zomba ali ndi munda wa zomera wa boma m'mphepete mwa mtsinje wa Mulunguzi komanso damu ndi mathithi pamwamba pa phiri, a ku Blantyre ali ndi nkhalango ya Michiru, a ku Lilongwe ali ndi nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi pakati pa mzinda, ndipo a ku Mulanje angapite ku Likhubula n'kukafika pa Dziwe la Nkhalamba ali ndi wowatsogolera. Kuphiri musapite nokha, ngakhale ulendowo ukhale wa mapemphero, ndipo musasale kudya masiku ambiri thupi lili lofooka kale. Amene muli kunja, monga ku Britain kumene mu December dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana, tulukani nthawi ya nkhomaliro kuti kuwala kusakupiteni, ngakhale kunja kuzizire.

Ana musawasiye m'mbuyo pa zonsezi. Mwana amene sangathe kufotokoza chisoni chake atakhala pampando amayamba kulankhula za bambo kapena mayi ake pamene mukuthirira mtengo limodzi, maso onse ali pa ntchito.

Mawu kwa amene chilengedwe chomwecho chinawalanda mnzawo

Si onse amene angayang'ane phiri kapena madzi n'kupeza mtendere. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi kukokolola midzi ku Chilobwe m'munsi mwa Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu mazanamazana anamwalira, ena matupi awo osapezeka. Palinso akazi a asodzi amene amuna awo anamira panyanja, ndi mabanja amene anataya munthu chifukwa cha ng'ona kapena mphenzi. Ngati inu muli mmodzi wa amenewa, musadzikakamize kupita kumene mtima ukuthawa, ndipo musalole wina kukuuzani kuti mantha anu ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Yambani ndi zazing'ono zimene zili m'manja mwanu, monga nkhuku, kabedi ka ndiwo kapena duwa la m'chitini. Ngati kugunda kwa mvula padenga kumakunjenjemeretsani kapena kukubwezerani zithunzi za tsikulo, limenelo ndi vuto limene achipatala amathandiza.

Gawo lomaliza: dziwani pofunika chipatala

Mtengo ndi mtsinje sizilowa m'malo mwa anthu, ndipo sizilowa m'malo mwa dokotala. Ngati mwayamba kupita kutchire pofuna kuthawa aliyense, kapena mukupita ndi botolo la kachasu, njira yapotoka ndipo muyenera kuuza munthu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'ndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, limazindikira chisoni chokhalitsa ngati vuto lofuna chithandizo, pamene papita miyezi yoposa 6, kulira kwapitirira kwambiri zimene chikhalidwe cha munthuyo chimayembekezera, ndipo akulephera kugwira ntchito, kudzisamalira kapena kusamalira ana. Musadikire miyezi imeneyo ngati mukuonda kwambiri, simukugona masiku ambiri otsatizana, kapena mukumva kupweteka pachifuwa.

Maganizo ofuna kudzipha kapena kutsatira malemu akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo ndipo mupite naye kuchipatala. Tameki, mankhwala a mbewu ndi mapiritsi oteteza chimanga kwa anankafumbwe muzipereke kwa wachibale kuti akazisunge kwawo, ndipo masiku amenewo musagone nokha m'nyumba kapena kupita nokha kumalo anu aja. Pachipatala cha boma lanu funsani namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Chithandizo chapadera chimapezekanso ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Popita tengani kope lanu lija, chifukwa lidzathandiza dokotala kuona tsiku limene tulo ndi chakudya zinayamba kuvuta, ndipo pemphani mwana kapena mnansi kuti azithirira mbande zanu mpaka mutabwerako.